DZALA LA MAKOLO NDI ZINYALALA ZA MASIKU ANO

Munthu wocoka ku Lusaka kulowera kum'mawa pa mseu waukulu wa ku Chipata amayamba wapyola boma la Chongwe, ndipo atayendako ndithu amalowa m'dziko la Mfumu Bundabunda, mmodzi wa mafumu a Asoli. Malo odziwika kwambiri m'dzikomo ndiwo Chinyunyu, kumene madzi otentha amatumphuka pansi usana ndi usiku. Kale dera lonseli linali m'boma la Chongwe, koma m'caka ca 2012 cigawo ca kum'mawa cinapatulidwa nicichedwa boma la Rufunsa. Anthu a kumeneko ndi alimi a cimanga ndi nshawa, ndipo ambiri amaweta ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. M'mbali mwa mseu mwamangidwa masitolo ndi nyumba zoyandikana, ndipo apaulendo amaimapo kugula zakudya ndi zakumwa.

Wodzera pamenepo mwezi wa Okutobala, udzu utapsa, amaona cinthu cimene agogo ace sanacione pa ubwana wao. Timatumba ta pulasitiki takodwa pa minga ya mitengo, mabotolo agona m'ngalande, ndipo mphepo ikaomba timatumba tina timauluka kucoka kumseu kukagwa m'minda ndi m'madambo. Sikuti anthu a lero ndi auve kuposa makolo ao. Amai akusesabe pabwalo m'mamawa monga anali kucitira amai ao, nakataya zosesazo kuseri kwa nyumba. Cimene casintha ndico zinthu zotayidwazo.

Pa mudzi wa kale nyumba iri yonse inali ndi dzala lace. Kumeneko kunali kupita phulusa la m'khichini, zitsononkho za cimanga, makoko a nshawa, makoko a maungu, nthenga za nkhuku, mafupa, mphasa yotha, dengu lobooka ndi cipanda cosweka. Zonsezi zinacokera m'nthaka kapena m'thupi la nyama, ndipo zikakhala padzala zinali kubwerera kunthaka. Nkhuku zinali kupalasa pamenepo, ciswe cinali kudya zouma, mvula inali kunyowetsa zotsala, ndipo pofika caka camawa muluwo unali utasanduka dothi lakuda. Ndiye cifukwa cace maungu, matimati ndi bonongwe zomera zokha padzala zimaoneka zobiriwira kuposa za m'munda. Mudzi ukasamuka, anthu anali kukonda kulima pabwinja, podziwa kuti cimanga ca pamenepo cimabereka bwino.

Zotsala zinali zocepa. Ku Kapwirimbwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, akatswiri ofufuza za makedzana anakumba m'zaka za m'ma 1960 pamalo pamene panali mudzi zaka monga 1,500 zapitazo. Anapezapo mapale a mbiya, zotsalira za posungunula citsulo ndi zibuma za dothi lopsa. Madengu, mphasa ndi zakudya za anthu aja zinatha kalekale. Ngakhale mapalewo ndi dothi lomwelo lophikidwa pamoto, losaononga nthaka kapena kupha ciweto.

Dzala lotere silinali kufuna nzeru zambiri. Mwana anali kungouzidwa kuti, "Kataye kudzala," ndipo nkhani inali kuthera pomwepo.

Thumba lopepuka la pulasitiki logulira zinthu linayamba kupangidwa ku Sweden m'zaka za m'ma 1960, ndipo pambuyo pace linafalikira m'maiko onse. Linakondedwa pa zifukwa zomveka, pakuti silicucha, sililemera, ndipo mtengo wace ndi wocepa. Koma pulasitiki amapangidwa kucokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo tizirombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa masamba ndi ndowe sititha kumudya. Thumba likakhala padzuwa miyezi yambiri limauma ndi kuphwanyika tizidutswa ting'ono-ting'ono, kotero kuti munthu angayese kuti latha, koma tizidutswato timangosakanizika ndi dothi. Likakwiririka m'nthaka, kumene dzuwa silifika, khasu limalifukula patapita zaka zambiri liri lamphumphu. Pamodzi ndi pulasitiki panafikanso zitini, magalasi, mabatire, matayala, matewera a makanda ogula kusitolo ndi zigubu za mankhwala a m'munda. Zonsezi zikatayidwa padzala monga kale, dzala limaleka kukhala cakudya ca nthaka nilisanduka msampha.

Coyamba kukodwa mu msamphawo ndi ciweto. Ng'ombe simatafuna bwino pamene ikudya msipu. Imangozula ndi lilime ndi kumeza, ndipo imadzabzikula pambuyo pace itagona. M'cirimwe, msipu utasowa, ng'ombe ndi mbuzi zimayendayenda pamudzi kufunafuna conyambita, ndipo thumba lokhala ndi pfungo la mcere kapena mafuta limamezedwa mosabvuta. M'cifu thumbalo siligayika ndipo silituluka. Lina likabwera limapiringizana ndi loyamba, mpaka pamakhala cimtolo colimba codzaza malo a cakudya. Ng'ombe yotere imaonda pang'ono-pang'ono ngakhale mvula itagwa ndi msipu utaphuka. Mwini wace amagula mankhwala a njoka za m'mimba osaona kusintha, ndipo coonadi cimadziwika tsiku losenda. Banja limene lataya ng'ombe yolima mwezi wa Novembala limacedwa kubzala, ndipo kucedwako kumadzaoneka m'nkhokwe.

Msampha waciwiri ndi wa madzi. Citini cotseguka, botolo loduka ndi tayala lakale zimasunga madzi a mvula, ndipo udzudzu umaikira mazira m'menemo. M'nyengo yotentha sipapita masabata awiri mazirawo asanasanduke udzudzu wouluka. Nchenche nazo zimaswana pa zonyowa zobvunda. Yaikazi imaikira mazira monga 100 nthawi imodzi, ndipo kukatentha pamangopita masiku 7 kufikira 10 kuti dzira lisanduke mphutsi, mphutsi isanduke nchenche. Nchenche yocoka pa thewera lotayidwa siisamba mapazi isanatere pa nsima.

Kuopsa kweni-kweni kwa zimenezi kunaoneka ku Lusaka. Mwezi wa Okutobala 2017 kunabuka nthenda ya kolera, ndipo m'miyezi yotsatira anthu oposa 5,000 anadwala m'dziko la Zambia, oposa 100 namwalira. Nthendayo inabweranso mwezi wa Okutobala 2023 ndi ukali woposa. Odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700, ndipo bwalo lalikulu la mpira la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Masukulu a dziko lonse, ndi a ku Bundabunda omwe, anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024, koma ana anakhala kunyumba mpaka pa 12 Febuluwale.

Pano pafunika kumvetsa bwino, cifukwa ambiri amasokoneza. Mulu wa zinyalala subala kolera pa wokha. Kacirombo ka kolera kamakhala m'cimbudzi ca munthu wodwala, ndipo kamalowa mwa wina kudzera m'madzi akumwa kapena m'cakudya. Nchito ya zinyalala ndiyo kukonzera kaciromboko njira. Matumba ndi mabotolo amatseka ngalande. Mvula ikagwa madzi amasowa kolowera nasefukira pakati pa nyumba. Amalowa m'zimbudzi, natulukamo, nakalowa m'zitsime zosazama. Zimenezi zinacitika m'makomboni monga Kanyama, kumene nyumba ziri zothinana. Ku Bundabunda malo akadali otakasuka, koma pa malo a malonda nyumba zikuculuka caka ndi caka, ndipo madzi a mvula amatsata lamulo limodzi ku tauni ndi kumudzi.

Mu mzinda muli malori onyamula zinyalala kupita nazo ku dzala lalikulu la Chunga, ndipo lamulo la m'caka ca 2018 linaika nchito yoyang'anira zinyalala m'manja mwa makhonsolo. Koma mudzi wa kutali ndi boma sungadikire lori. Nyumba iri yonse iyenera kudzisamalira, ndipo nzeru yace yagona pa cinthu cimodzi: kupatula zinyalala pa khomo pomwe, zisanasakanizike. Makoko a mbatata ali okha ndi manyowa, ndipo botolo liri lokha ndi ciwiya kapena ndalama. Zikangophatikizana ndi phulusa lonyowa ndi nsima yogona, palibenso amene angafune kuzikhudza. Cifukwa cace nyumba yosamala imakhala ndi zotayiramo zosiyana, ngakhale zikhale dengu lakale, thumba la fetereza lotsuka ndi ndowa yobooka.

Gawo lalikulu la zinyalala za pa nyumba ya mlimi ndi zoola, ndipo zimenezi ndi cuma. Pa sukulu ya ulimi ya ku Kasisi, m'boma la Chongwe, imene ansembe a Cijezuiti anayambitsa m'caka ca 1974, alimi akhala akuphunzitsidwa kupanga manyowa ndi zinthu zomwezi. Kapangidwe kace sikobvuta, ndipo mwana wa sukulu angathe kukacita ndi khasu ndi ndowa.

Amasankha malo a mthunzi, patali pang'ono ndi nyumba. M'cirimwe ndi bwino kukumba dzenje losazama kuti cinyezi cisathe msanga. M'dzinja mulu wa pamtunda ndiwo wabwino, pakuti dzenje lingadzaze madzi. Pansi amayala mapesi oduladula kapena tinthambi kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pace amaika udzu wouma ndi masamba ouma, kenaka zaziwisi monga makoko a zipatso, masamba a ndiwo ndi udzu wopalira, kenaka ndowe za ng'ombe kapena zitosi za nkhuku, nawaza phulusa pang'ono ndi dothi la pamwamba. Akatero amathira madzi, nayambanso monga poyamba, mpaka mulu utafika m'ciuno mwa munthu wamkulu. Madzi asaculuke. Munthu akafinya zinyalalazo m'manja, dzanja linyowe koma madzi asacite kuyenderera. Pomaliza amafunditsa mulu ndi udzu, nazika ndodo yaitali pakati.

Ndodoyo ndiyo mboni ya zocitika m'kati. Patapita masiku atatu kapena anai, woizula amaipeza yofunda ndithu, ndipo m'mamawa kozizira mulu umatuluka nthunzi. Ana a ku Chinyunyu sadabwa ndi nthunzi yocoka pansi, koma ziwirizi ndi zosiyana: madzi a pa kasupe amatenthedwa ndi miyala ya pansi penipeni, pamene mulu wa manyowa umatenthedwa ndi tizirombo tosawerengeka timene tikudya ndi kupuma m'kati mwace. Mu mulu wopangidwa bwino kutenthako kumafika madigiri 60, ndipo kumapha mbeu zambiri za udzu pamodzi ndi mazira a nchenche. Ndodo ikatuluka yozizira ndi youma, mulu ukufuna madzi. Ikatuluka yonunkha ndi yoterera, madzi aculuka ndipo mpweya wacepa, tsono mulu uyenera kutembenuzidwa ndi kuonjezedwa zouma. Ngakhale zonse ziri bwino, amautembenuza pakapita masabata awiri kapena atatu, kuti za m'mbali zilowe pakati. Pakatha miyezi itatu manyowa amakhala atapsa: akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango mvula itangogwa.

Manyowa otere salanda malo onse a fetereza wogula, koma amacita cinthu cimene fetereza sangacite. Amafewetsa nthaka ndi kuithandiza kusunga madzi, ndipo mlimi wa dera lino, amene anaona cimanga cikufota m'cilala ca 2024, sasowa womuuza phindu la cinyezi. Mu mulu wa manyowa musalowe nyama, mafuta, zonyansa za agalu kapena za anthu, pakuti zimaitana makoswe ndi kufalitsa matenda. Nsima yotsala ipite kwa nkhuku ndi nkhumba monga mwa masiku onse.

Zosaola ndizo zofuna kuganizira. Pa zimenezi anthu a m'midzi sali ophunzira atsopano, pakuti anayamba kalekale kupatsa cinthu cotha nchito ina. Citini ca mafuta cimasanduka koloboyi kapena comweretsa anapiye. Mmisiri amadula citsulo cakale napanga mbaula, ndipo tayala amalicekaceka kukhala nsapato kapena malamba omangira katundu pa njinga. Anyamata amapinda mawaya kukhala magalimoto, namanga matumba a pulasitiki ndi zingwe mpaka atakhala cimpombwa comenya pabwalo. Ku sukulu botolo lodulidwa pakati ndi kubooledwa pansi limasanduka cofeseramo mbande za mitengo. Zonsezi ndi zabwino, koma ziri ndi malire. Nyumba imodzi siifuna makoloboyi makumi awiri, ndipo matumba olowa pamudzi sabata limodzi angakwanire zimpombwa za caka cathunthu.

Zotsala zina zimagulidwa, cifukwa mafakitale amatha kuzisungunula. Zitsulo zakale, monga makasu otha, mapulawo othyoka ndi malata obooka, zimapimidwa pa sikelo ndi kutumizidwa ku ng'anjo monga ya ku Kafue, kumene zimasanduka zitsulo zomangira nyumba. Aluminiyamu, citsulo copepuka ca zitini za zakumwa ndi mapoto, ndiye wofunidwa koposa, pakuti kumsungunula kumangodya gawo limodzi mwa magawo 20 a mphamvu yofunika pomupanga kucokera ku miyala. Mabotolo a pulasitiki amasankhidwa monga mwa mitundu yace, kutsukidwa, kugayidwa tizidutswa ndi kusungunulidwa. Ena amasanduka ulusi, ena ndowa, mabeseni ndi mapaipi. Ku Lusaka kuli gulu lochedwa Manja Pamodzi, limene linayamba m'caka ca 2015, ndipo anthu a m'makomboni amatolera mabotolo ndi makatoni nagulitsa kudzera mwa ilo. Mabotolo a galasi a zakumwa zina amabwezedwa kusitolo, ndipo fakitale imawatsuka ndi kuwadzazanso.

Bvuto la ku Bundabunda ndi mtunda. Thumba limodzi la mabotolo opanda kanthu silingalipire ulendo wa ku Lusaka, pakuti ndi lalikulu koma lopepuka, ndipo ogula amalipira pa kulemera. Ndiye cifukwa cace mabotolo ayenera kupondedwa kuti aphwaphwatike, ndipo nyumba zambiri, kapena sukulu yonse, zisonkhe pamodzi mpaka katundu atakwanira kukwera pa lori yopita ku tauni. Mutu umodzi susenza denga. Koma malonda a zitsulo ali ndi coipa cace cimene siciyenera kubisidwa. Anthu ena osaona patali amazula zikwangwani za pamseu kapena kumasula zitsulo za pa mjigo kuti akagulitse. Wocita zotere salinkuyeretsa mudzi. Ndi mbala, ndipo ndalama zace zocepazo zimabwezera mudzi wonse ku madzi a m'dambo.

Pali zinyalala zina zocepa kuculuka kwace koma zoopsa kuposa zonse, ndipo siziyenera kufika padzala konse. Zigubu za mankhwala opopera thonje ndi matimati, kapena osambitsira ng'ombe, zimaoneka zokongola ndi zolimba, ndipo munthu amacita nazo cisoni kuzitaya. Komatu pulasitiki amamwa mankhwalawo, ndipo sopo sangawacotse onse. Cigubu cotere cisasungirepo madzi, mkaka, mcere kapena munkoyo. Cikatha, munthu wamkulu acitsuke katatu, madzi otsukirawo awathire m'copopera kuti akathere m'munda, ndipo acibowole pansi kuti wina asadzacitole. Akatero afunse mlangizi wa zaulimi kumene angacipereke. Nchito imeneyi si ya ana.

Mabatire nawo ndi otero. Nyumba zambiri tsopano zimaunikira ndi magetsi a dzuwa, ndipo mabatire akulu a magetsiwo, monganso a galimoto, kawiri-kawiri amakhala ndi mtobvu ndi madzi oocha khungu. Mtobvu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo, ndipo mwanayo amabvutika kuphunzira moyo wace wonse. Anthu a ku Kabwe akudziwa zimenezi: mgodi wa mtobvu wa kumeneko unatsekedwa m'caka ca 1994, koma patapita zaka zoposa 20 madokotala anali kupezabe mtobvu wambiri m'magazi a ana osewera pa dothi la pafupi ndi mgodiwo. Batire lakufa lisaphwanyidwe pakhomo. Libwezedwe lathunthu kwa ogulitsa mabatire, pakuti mtobvu wace umasungunulidwa ndi kupangira lina. Mabatire a tochi ndi a wailesi asaponyedwe pamoto, ndipo ana aleke cizolowezi cowaswa kuti atenge zakuda za m'kati. Timabatire tating'ono tonga mabatani tibisidwe kutali ndi makanda, cifukwa kakamezedwa kamaocha kummero m'maora owerengeka.

Zikacotsedwa zoola, zogwiritsanso nchito, zogulitsa ndi zoopsa, zotsala zimakhala zocepa: matumba ong'ambika, mapepala onyezimira a masiwiti ndi mabisiketi, magalasi osweka ndi matewera. Ambiri amazisonkha nazitentha madzulo, ndipo ena amayatsira mbaula ndi thumba la pulasitiki cifukwa limagwira moto msanga. Cizolowezi cimeneci ndi coipa, ngakhale cimaoneka caukhondo. Moto wa padzala ndi wozizira poyerekeza ndi wa ng'anjo, ndipo pulasitiki sapsa bwino pamenepo. Amangonyeka ndi kutulutsa utsi wakuda wokhala ndi ululu. Utsiwo umapweteka cifuwa, makamaka ca makanda, okalamba ndi odwala mphumu, ndipo ululu wina umatsala m'phulusa limene nkhuku zimapalasa. Ndiponso m'miyezi ya mphepo, Ogasiti ndi Seputembala, moto wosiyidwa padzala sucedwa kulumphira pa denga la udzu kapena pa nkhokwe. Mapepala wamba ndi makatoni angayatsire moto popanda coopsa, koma pulasitiki ai.

Njira yotsala ndiyo kukwirira. Siyabwino kotheratu, pakuti zokwiriridwazo zidzakhala m'nthaka zaka zambiri, koma ziri m'dzenje sizingamezedwe ndi ng'ombe, kutseka ngalande kapena kusunga madzi. Dzenje likumbidwe kumunsi kwa citsime, osati kumtunda kwace, ndipo patalikirane mamita 30 kapena kuposa, monga amacitira ndi cimbudzi. Lisakumbidwe m'dambo kapena m'njira ya madzi. Lifike pa mita imodzi ndi theka ngati nthaka ilola, ndipo dothi lofukulidwa liunjikidwe pambali, kuti nthawi iri yonse potaya zinthu azithira dothi pang'ono pamwamba. Dothi limenelo ndilo loletsa nchenche, pfungo ndi mphepo. Zitini ziphwanyidwe zisanatayidwe, magalasi osweka akulungidwe, ndipo matewera ayambe akhutulidwa m'cimbudzi, kenaka akwiriridwe tsiku lomwelo, cifukwa agalu amawakoka nakawasiya pa khomo la wina. Kuzungulira dzenje pakhale mpanda wa mitengo kapena wa minga, pakuti m'dzinja dzenje lotseguka limasunga madzi okwanira kumiza mwana wongoyamba kuyenda.

Pa mudzi wotalikirana nyumba iri yonse ingathe kucita izi pa yokha. Pa malo othinana, monga pafupi ndi msika, nkhani imasintha, cifukwa kuseri kwa nyumba ya munthu mmodzi ndiko kukhomo kwa mnzace. Utsi suima pa malire, ndipo nchenche sizifunsa mwini dzala. Milandu yambiri ya pakati pa anansi imayamba ndi zinthu zazing'ono zotere: wina wasesera zinyalala m'ngalande ya onse, wina wataya usiku pa malo opanda nyumba poyesa kuti alibe mwini. Munthu wosesa bwalo lace mpaka kuwala, nakakhutula zosesazo kumseu, sanacotse kanthu, wangosuntha. Pamalo potere nyakwawa ndi akulu a msika ndiwo oyenera kuloza malo a dzenje la onse, kugawa masiku okumba ndi okwirira, ndi kuona kuti sitolo iri yonse iri ndi cotayiramo pakhomo pace. Boma layesapo kukumbutsa anthu za udindo umenewu: m'caka ca 2007 Pulezidenti Levy Mwanawasa anayambitsa nchito yoyeretsa dziko, ndipo m'caka ca 2018 Pulezidenti Edgar Lungu anaiutsanso. Koma tsiku limodzi losesa ndi nyimbo silithandiza kweni-kweni ngati m'mawa mwace mulibe potaya.

M'caka comweco ca 2018 panalembedwa lamulo loletsa matumba opyapyala kwambiri, osafika mamaikuloni 30. Maikuloni ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, kotero kuti thumba loletsedwalo ndi lopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Bungwe la ZEMA, loyang'anira za cilengedwe, ndilo linapatsidwa nchito yosunga lamuloli. Cifukwa ca lamulolo ndi cakuti thumba lopyapyala limang'ambika tsiku lomwelo, limauluka mosabvuta, ndipo otola zogulitsa salifuna popeza liribe kulemera. Maiko ena anapitirira pamenepo: Rwanda inaletsa matumba a pulasitiki m'caka ca 2008, ndipo Kenya inatero m'caka ca 2017. Koma lamulo limagwira fakitale ndi sitolo. Silingaime pa msika uli wonse kuwerenga matumba. Mwana wotumidwa kukagula matimati, mcere ndi kapenta amabwera ndi timatumba titatu, kapena tinai ngati wogulitsa waonjeza lonyamulira. Akapita ndi dengu kapena thumba la nsaru, ndi mbale ya cibvundikiro ya kapenta, amabwera wopanda ndi limodzi lomwe, ndipo dzenje la kwao limacedwa kudzaza.

Dzenje likatsala pang'ono kudzaza, monga theka la mita, lisadikire kusefukira. Likwiriridwe ndi dothi lokwanira, lipondedwe mwamphamvu, ndipo dothi liunjikidwe kuposa nthaka yozungulira, pakuti mvula ikagwa lidzatitimira. Pamwamba pace paikidwe miyala yoonetsa malowo, kuti wina asadzakumbepo citsime kapena kulimapo ndiwo m'zaka za m'tsogolo. Dzenje latsopano likumbidwe lakale lisanatsekedwe, ndipo nthawi yabwino yokumba ndiyo mwezi wa Epulo kapena Meyi, mvula itangoleka, nthaka isanaume. Dzenje la manyowa lokha ndilo losafuna miyala. Manyowa akatapidwa kupita kumunda, m'dzenjemo mungabzalidwe mphukira ya nthoci.